Mayi Dorika Klassen Chikadza ndi Buku la Mayina

Malemu amayi athu aakulu, Mayi Dorika Klassen Chikadza, anabadwa pa 9 Juni 1953, m'mudzi uno wa Msekeni, m'tsinde mwa phiri la Dedza. Kunali chisanu ngati cha lerochi. Anali mwana woyamba wa Mayi Clotilda Nambewe. Anali mwana mmodzi yekhayo wa Bambo Heinrich Klassen, amene akuluakulu muno mumawatchula kuti a Kalaseni. Ndatchula mayina onse awiri, la mayi ndi la bambo. Ndatero mwadala. Muwasunge, chifukwa moyo wonse wa malemu wagona pa mayina awiriwa.

Ine ndine George, mwana wa a Idah, ang'ono awo a malemu. Banja landituma. Anandipempha kuti ndilembe mofatsa. Ndayesa. Pamene ndalephera mundikhululukire.

Tiyambe ndi bambo awo, poti achinyamata ambiri mumangomva kuti kumanda kwathu kuli mzungu. A Klassen anali a mpingo wa Amenonaiti. Makolo awo anali olankhula Chijeremani. Ndi anthu okana kugwira mfuti, ndipo chifukwa cha ichi akhala osamukasamuka. Anachoka ku Prussia kupita ku Russia. Anachoka ku Russia, kuwoloka nyanja, kukafika ku Canada. Kulikonse kumene ankafika ankalima tirigu, kumanga tchalitchi, ndi kulemba mayina. Anthu amenewa amalemba. Wabadwa, alemba. Wabatizidwa, alemba. Wakwatira, wamwalira, alemba. Munda amausiya, nyumba amaisiya, koma buku la mayina salisiya.

A Heinrich anabadwa m'chaka cha 1921 ku Manitoba, chigawo cha ku Canada. Nkhondo yaikulu itabuka anakana usilikali, ndiye anawatumiza kukabzala mitengo m'nkhalango. Ndiko anaphunzira ntchito ya paini. M'chaka cha 1949 anafika kuno kudzagwira ntchito yomweyo paphiripa. Ponyamuka kwawo, mayi awo anawakopera mayina a mtundu wawo m'kabuku kachikuto chakuda, kolowa m'thumba la jekete. Mibadwo isanu ndi itatu, yolembedwa pamanja, m'Chijeremani. Mzere womaliza anausiya wopanda kanthu, kuti mwana wawo akadzakwatira adzadzaze yekha.

Anakumana ndi a Clotilda kunazale ya mitengo, kumene a Clotilda ankathirira mbande. Nthawi imeneyo azungu ena ankangotenga mkazi n'kumubisa kuseri kwa khitchini. Mukudziwa. A Klassen sanatero. Anafunsa kuti kuno amakwatira bwanji. Anawauza kuti apeze nkhoswe. M'bale analibe. Anapempha kapitawo wa ocheka matabwa, Bambo Timoteyo Mphanje, kuti awaimire. Kuchikazi anaima a Kenan Mbewe, alongo awo a a Clotilda. Pa 18 Ogasiti 1951 chinkhoswe chinachitika pabwalo lomwe mwakhalapoli. Tambala anaperekedwa. Msoti unaperekedwa. Mudzi wonse unaona. Tchalitchi chawo kuno kunalibe, ndipo iwo sanali Akatolika. Atapita ku Boma kukalembetsa ukwatiwo, kalaliki wina wachizungu anawaseka n'kuwauza kuti abwere mawa. Mawa lake anawauzanso kuti mawa. Pepala sanalipeze. Koma alipo pano amene anganene kuti ukwati wa ankhoswe si ukwati? Aimirire timuone. Theka la inu munabadwa mu ukwati wotero.

Anakhala chikamwini. Mzungu. Anamanga nyumba kuseri kwa apongozi awo. Anthu ankachoka ku Mayani wapansi kudzaona mzungu akupalira munda wa apongozi, nkhope ili psuu. Akaona apongozi akazi akubwera m'njira, ankapatuka n'kulowa m'tchire monga mwa mwambo, nsapato zawo zikuluzikulu zija zikuthyola mapesi. Anthu ankaseka. Iwo osasiya. Analembera makolo awo kalata yowauza za ukwati. Yankho silinabwere. Mwana atabadwa analembanso. Zii. Kaya makalatawo anasochera, kaya wina anawaponya pamoto, adziwa ndi Mulungu.

Tsiku limene malemu anabadwa, bambo awo anatsegula kabuku kakuda kaja n'kudzaza mzere womaliza. Dzina la mkazi wawo. Tsiku la ukwati. Dzina la mwana. Mzere umenewo malemu anauona ndi maso awo. Kuwerenga anaphunzirira pomwepo. Lamulungu lililonse masana, pansi pa mtengo wa pichesi, bambo ankawakhazika pamwendo n'kumawaloweza mayina onse, kuyambira kwa Peter Klassen wa ku Prussia mpaka kwa Dorika wa kwa Msekeni. Ankawaloweza ngati nyimbo. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri ankatchula onse osaphonya ndi limodzi lomwe.

Pa 3 Okutobala 1961 chipika cha paini chinagubuduka kuchokera pangolo, pamtsetse, n'kuwapsinja a Heinrich pachifuwa. Anamwalira asanafike kuchipatala. Anali ndi zaka makumi anayi. Malemu anali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Mudzi unawalira ngati mwana wa pano, ndipo unawaika kumanda kwathu. Apa m'pamene panalakwika. Mwambo mukuudziwa. Munthu amapita ndi kanthu kamene ankakakonda. Wina chipewa, wina ndodo, wina kolona. A Kenan anatenga kabuku kakuda kaja n'kukaika pachifuwa pa alamu awo. Chijeremani sankachidziwa. Ankangoona alamu awo akukawerenga Lamulungu lililonse, ndiye anati ndi buku lawo la mapemphero, ankalikonda, apite nalo. Mwana anakuwa. Anati mulimo dzina langa, mulimo dzina la amayi. Amayi ena anamunyamula n'kupita naye kunyumba ina, akuti mwana asaone bokosi. Bokosi linakhomedwa. A Kenan anachita mwachikondi, ndipo malemu sanawadzudzule ndi tsiku limodzi lomwe. Ine ndikanawadzudzula. Pa anthu onse aja panalibe mmodzi woti amufunse mwanayo chimene akulira?

Maphunziro a pulayimale malemu anachitira ku Kasina, akukhala kwa amayi awo aang'ono. Anzawo ankawanena kuti mkaladi. Ankawakoka tsitsi kuti aone ngati ndi lenileni. Ankati pita kwanu, ngati kuti kwawo si kuno. Ena mwa okokawo muli pano, imvi zili mbuu. Ndakuonani. Musawerame, anakukhululukirani kalekale. Sekondale anamaliza mu 1971. Maphunziro a uphunzitsi anamaliza mu 1974. Anaphunzitsa ku Mayani, ku Linthipe, kenako ku Kawale mu Lilongwe, kumene ine ndinakulira m'nyumba mwawo. Zaka 34 akugwira choko. Amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira kaundula wa kalasi yawo. Mwana aliyense ankalembedwa dzina lonse, ndi la mayi, ndi la bambo. Mwana akanena chamumtima kuti bambo sindiwadziwa, iwo ankati basi tchula mayi ako, ndipo uwatchule mokweza, kalasi yonse imve. Anapuma pantchito mu 2008 n'kubwerera kumudzi kuno.

Pa 24 Epulo 1976 anakwatiwa ndi Bambo Harold Chikadza, kalaliki wa za nkhalango, kutchalitchi cha Kasina. Chinkhoswe chinachitikanso. Setifiketi ya ukwatiwo anaijambulitsa katatu n'kuisunga m'nyumba zitatu zosiyana. Bambo Chikadza ankawaseka kuti mayi, kodi munakwatiwa ndi ine kapena ndi pepalali? Iwo ankati inu mukhoza kuthawa, pepala silithawa. Sanathawe. Anakhala limodzi zaka 35, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Bambo Chikadza anatsogola mu 2011.

Mayi Clotilda anatisiya mu 1984. Anali atakwatiwanso n'kubereka a Idah, koma manda a a Heinrich ankalambula okha chaka ndi chaka. Pamwala wa manda a mayi awowo malemu analembetsa zilembo zikuluzikulu: Clotilda Nambewe, mkazi wa Heinrich Klassen. Anapita asanamve zimene ndikufuna kunenazi. Bola.

M'chaka cha 1987 namwino wina wa ku Canada, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anamva dzina la Klassen n'kudabwa. Anati kwathu dzinali n'lofala, ndipo mabanja otere amasindikiza mabuku a mtundu wawo. Atabwerera kwawo anafufuza, n'kutumiza tsamba limodzi lojambula pamakina. Tsamba 212 la buku la banja la a Klassen. Malemu analiwerenga ali chiimire pakhomo. Ndikumasulira m'Chichewa. Heinrich, anabadwa 1921, anamwalira ku Africa 1961. Wosakwatira. Wopanda mwana.

Taganizani. Munthu wa zaka 34, mayi wa ana anayi, mphunzitsi wa boma, kuwerenga papepala kuti iye kulibe. Analipinda tsambalo. Anakaphikira ana. M'mawa mwake anakagula maenvulopu.

Kuyambira 1987 mpaka 2023 analemba makalata 41 kwa osunga buku la banjalo. Nambalayi ndikuidziwa, poti ambiri ndinaponya ndine. Ntchito yanga ndi ya pamsewu, yoyendetsa thiraki. Ankandipatsa kalata n'kunena kuti George, iyi ukaponye ku Beira, mwina za kuno zimasochera. Ndaponya ku Beira. Ndaponya ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Joni. Sankapempha chithandizo. Sankapempha viza. Munda wa tirigu sankaufuna, mbatatesi zawo zinkawakwanira. Ankapempha mzere umodzi. Afufute mawu akuti wosakwatira, alembepo dzina la Clotilda Nambewe. Basi.

Pa zaka makumi atatu zoyamba mayankho anabwera atatu. Loyamba, mu 1991, linati sitikukudziwani. Lachiwiri, mu 1998, linati tumizani pepala la ukwati. Lachitatu lili ndi nkhani yake.

Mu 2004 a Timoteyo Mphanje, nkhoswe ija, anali moyo. Zaka 86, maso atachita khungu. Atamva kuti ukwati umene anauimira akuukana, anaitanitsa jekete. Anati ndikwezeni pangolo. Anapita ku Boma n'kukafotokoza zonse pamaso pa wolumbiritsa anthu. Tsiku, malo, amene analipo. Anatchula mpaka tambala, kuti anali wofiira, wa khosi lopanda nthenga. Anadinda chala. Anati ine ndine nkhoswe, wofuna kudziwa ngati munthu anakwatira amafunsa ine, safunsa pepala. Yankho linafika patatha miyezi isanu. Linati umboni wa pakamwa sitiika m'buku. A Timoteyo anamwalira chaka chotsatira, akufunsabe kuti kodi azungu aja ayankha? Tinkawanamiza kuti kalata idakali m'njira. Nkhalamba imeneyo tinainamiza mpaka kumanda. Tchimo limenelo ndi lathu, koma anatichimwitsa ndi ena.

Mu 2016 mwana wawo woyamba, a Fransisko, anatopa nazo. Anati tipemphe chilolezo, tifukule manda a agogo, titenge kabuku kaja, nkhani ithe. Sananene mwachipongwe. Ankawamvera mayi awo chisoni. Malemu anamenya tebulo mpaka makapu kugwa. Anati bambo anga si kabati yoti muzitsegula mukafuna pepala. Anati wofuna umboni abwere adzandiyang'ane kumaso. Nkhani yofukula inathera pomwepo.

Ndipo wina anabweradi. Mu Julayi 2019 kunafika Mayi Jacqueline Klassen, mdzukulu wa achimwene awo a a Heinrich. Iwo ndiwo anali atalandira udindo wosunga buku. Tinasangalala. Tinapha mbuzi. Kubwalo la ndege ndinakawatenga ndine. Anakhala masiku atatu. Malemu anawapatsa chipinda chawo ndi bulangeti lawo labwino, iwo n'kugona pabalaza, m'chisanu cha Julayi.

Tsiku lachiwiri anakhala pansi pa pichesi, womera pachitsa cha wakale uja. Malemu anatseka maso n'kuyamba kutchula mayina. A Jacqueline ankatsata ndi chala m'buku lawo losindikiza. Peter. Johann. Abraham. Aliyense pamalo pake, ndi mkazi wake, ndi ana ake. Pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi malemu anatchula Anna, khanda limene linafera m'sitima ya pamadzi mu 1875, paulendo wa ku Canada. A Jacqueline anati ameneyo m'buku mulibe. Malemu anatsegula diso limodzi n'kunena kuti ndiye buku lanu laperewera kawiri.

Tsiku lachitatu tinapita nawo kumanda. Anajambula manda a a Heinrich. Anajambulanso manda a Mayi Clotilda, dzina lili poyera, zilembo zoti wodutsa panjinga n'kuwerenga. Analira. Anawakumbatira malemu n'kuwatchula kuti azakhali. Anatenga malovu m'kabotolo kuti akayeze chibale. Atabwerera kwawo anafufuza m'kaundula wa sitima ija, ndipo Anna anapezeka. Anatilembera okha, mosangalala. Mu 2020 zotsatira za kabotolo zinatuluka. Magazi ndi amodzi. Ife tinalulutira. Malemu sanasunthe pampando. Anati za magazi ndinkazidziwa kale, galasi limandiuza m'mawa uliwonse. Ine ndikudikira za amayi.

Buku la banja la a Klassen losindikizidwa mwatsopano linafika pa 6 Novembala 2023. Lolemera ngati njerwa ziwiri. Masamba mazana asanu ndi limodzi, zithunzi, mapu. Anna wa m'sitima analowamo, ndi tsiku lake lobadwa, ndi tsiku lake lomwalira. Malemu anavala magalasi n'kufuna dzina la bambo awo. Analipeza. Heinrich, anabadwa 1921, anamwalira ku Africa 1961. Wosakwatira. Pansi penipeni pa tsambalo, m'timalemba tonga nyerere, panali mawu akuti anasiya mwana wamkazi, Dorika, kwa mkazi wa kumeneko.

Mkazi wa kumeneko. Wopanda dzina. Analemba ndi munthu amene anaima pamanda awo, n'kujambula dzinalo, n'kulira. M'bukumo munali kakalata. Kanati komiti ya banja yakana chifukwa palibe pepala, koma tikhulupirira kuti musangalala poti inu mwalowamo.

Asangalale? Kwathu kuno kulemba choncho ndiko kunena kuti mwanayu ndi wa m'tchire. Ndiko kutukwana mayi amene anameta mutu, n'kuvala zakuda chaka chathunthu, n'kulambula manda aja zaka 23. Ena adzati Anna anali ndi pepala la sitima. Inde. Koma pepalalo anakalifuna chifukwa anakhulupirira pakamwa pa malemu. Pakamwa pomwepo, tsiku lomwelo, panatchulanso Clotilda. Khanda lawo la zaka zana ndi theka zapitazo analikumbira m'makaundula. Mayi wathu, amene mwala wake anaugwira ndi manja, anamusiya panja.

Malemu anatseka bukulo n'kuuza a Idah kuti alichotse m'nyumba. Mukafuna kuliona pitani kukhitchini. Likutchinga chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Ntchito imeneyo likuigwira bwino.

Patatha masiku khumi, pa 16 Novembala, anagwa m'dimba la mbatatesi. Sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Sindikutsutsa madokotala. Koma chimene chinathamangitsa magaziwo ndikuchidziwa.

M'chipatala anakhala milungu itatu. Atatuluka anaitanitsa kope lachikuto cholimba, labuluu. Anati zaka 36 ndakhala ndikugogoda pakhomo pa eni, ngati kuti ine ndilibe dzanja. Anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Malemba okhotakhota ngati a mwana wa sitandade wani, iwo amene ankabweza kope la mwana chifukwa cha chilembo chimodzi chopendama. Ankadziseka okha. Ankati mphunzitsi wake wa ameneyu ndi waulesi. Kumasamba a kumanja analemba mtundu wa bambo awo, mibadwo yonse, ndi Anna yemwe. Kumasamba a kumanzere analemba mtundu wa mayi awo, monga timawerengera ife, kudzera mwa akazi. Anaitanitsa nkhalamba za m'mudzi muno imodziimodzi, kuzifunsa, kuzitsutsa, kuzifunsanso. Anafika mibadwo isanu ndi umodzi, mpaka kwa a Sungeni, amene anabwera ndi mbumba yawo kudzatsegula malo ano. Mbali ziwirizo zimakumana pa mzere umodzi. Anaumaliza pa 2 Juni chaka chino. Kuyambira pamenepo kopelo silinachoke m'manja mwawo. Podya lili pamwendo. Pogona lili pachifuwa. A Fransisko atapempha kuti akalijambulitse, anati mawa, ndiwerengenso kaye. Mawa limenelo silinafike.

Pa 10 Juni 2024, tsiku limodzi atakwanitsa zaka 71, chibayo chinawagwira. Anagonekedwa kuchipatala. Anamwalira Lachisanu pa 14 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mwana wawo a Victoria atawagwira dzanja.

A ku Canada tinawadziwitsa pafoni. Komiti ija yatumiza nkhata ya maluwa kudzera kusitolo ina ku Lilongwe. Yokongola ndithu. Pakapepala alembapo kuti kwa bwenzi lokondedwa la banja la Klassen. Bwenzi. Nkhatayo ili m'galimoto yanga, ndipo siitsika. Nthawi yoika nkhata ikafika, olengeza musaitchule.

Ndime yotsatirayi sinali m'zimene ndinalemba dzulo. Ndaiwonjezera m'mawa uno, pabondo. Nthawi yoona nkhope ndinawerama pabokosi. Pansi pa manja awo, pamodzi ndi kolona, ndinaona ngodya ya chikuto chabuluu. Amayi amene anasambitsa ndi kuveka thupi anali ataikamo kope lija. Ndafunsa chifukwa chake. Ati ankalikonda, sankalisiya, apite nalo. Mawu omwe aja. Mudzi womwe uno. Zaka 63 zapita, ife osaphunzira kanthu. Ndikanayang'ana nkhope yokha, monga anachitira onse amene anali patsogolo panga, bokosili likanatsekedwa. Kope lina palibe. Nkhalamba ziwiri mwa zimene anazifunsa zinatsogola kale m'miyezi yomweyi. Bwenzi tikuyamba kugogodanso pakhomo pa eni.

Ndinalowetsa dzanja n'kulitulutsa. Kung'ung'udza ndakumva. Ndikudziwa kuti zimene zalowa m'bokosi sizituluka. Ngati pali mlandu ndi wanga, a ankolo eni mbumba, tikambirana mwambo ukatha, sindithawa. Amayi amene mwaveka thupi, sindikukunyozani. Mwagwira ntchito yolemera, ndipo mwachita mwachikondi, ngati a Kenan. Koma mwana uja anakuwa mu 1961 palibe anamumva. Lero sangakuwenso. Ndakuwa ine m'malo mwake.

Kope ndi ili. Mawa lipita ku Boma kukajambulidwa. Mwana aliyense alandira lake, mdzukulu aliyense lake. Limodzi ndikaponya ndekha lopita ku Manitoba. Imeneyo ikhala kalata ya 42, yomaliza. Sitikupemphanso. Tikuwadziwitsa.

Tsopano mvetserani mzere uja, monga anaulembera ndi dzanja lamanzere. Heinrich Klassen anakwatira Clotilda Nambewe pa 18 Ogasiti 1951, m'mudzi wa Msekeni. Ankhoswe, Timoteyo Mphanje ndi Kenan Mbewe. Mwana wawo, Dorika.

Mwamva nonse. Kumbuyoko mwamva? Ndinu mboni.

Malemu asiya ana asanu: a Fransisko, a Victoria, a Bongani, a Alile ndi a Ganizani. Asiya zidzukulu khumi ndi zinayi, ndi zidzukulutudzi ziwiri. Asiya ang'ono awo, a Idah. Kutsidya kwa nyanja asiyanso abale ambiri. Ine sindikanawatchula. Koma m'kopemu iwo anawalemba onse, ndi a Jacqueline omwe, dzina lonse, malemba ofanana ndi a wina aliyense. Ndiye ndawatchula.

Banja likuthokoza mafumu athu, bambo mfumu ndi akhristu onse, ndi akwaya amene mwaimba masiku atatu mawu mpaka kusasa. Likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira kawiri konse. A Victoria ndi a Idah, miyezi isanu ndi iwiri mwawasambitsa, mwawatembenuza, mwawasongolera pensulo. Mulungu akuoneni. Zikomo aphunzitsi anzawo ndi ophunzira awo akale, ena mwachokera kutali. Zikomo amayi a kumoto. Zikomo adzukulu, mwakumba dothi louma m'chisanu chino, ndipo mwakumba pamalo pamene anapempha, pakati pa bambo awo ndi mayi awo.

Amayi aakulu, pitani. Kope lanu latsala ndi ife. Kabuku kakuda kaja mukakapeza pachifuwa pa bambo anu. Akakuwerengereni mzere womaliza, mayi anu akumva.

Mzimu wa Mayi Dorika Klassen Chikadza, mwana wa Heinrich Klassen ndi mkazi wake Clotilda Nambewe, uuse mumtendere.